Kompyuta yakufa ingadzutse zinzake ku Phalombe

Kumbuyo kwa makompyuta ambiri akale a patebulo, pafupi ndi pobayira nthambo ya magetsi, kuli kaswichi kakang'ono kofiira. Mbali imodzi kalembedwa 115, mbali inayo 230. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi pafupifupi theka la amenewo. Kompyuta yochokera kumeneko ikabayidwa pakhoma kuno kaswichiko kasanasunthidwe, chomwe chimamveka ndi phwaa, kenako kautsi ndi fungo la waya wopsa. Onse amene ali m'chipindamo amayang'anana n'kugwirizana kuti basi, kompyuta yafa.

Chonsecho nthawi zambiri chimene chapsa ndi chinthu chimodzi chokha, kabokosi kolandira magetsi kamene amisiri amati power supply. RAM imakhala ili bwinobwino, hard disk ikadali ndi zonse zimene inasunga, purosesa ndi fani sizinakhudzidwe. Ndipo mwina kabokosi kena kamoyo kali m'kompyuta ina pakona ya chipinda chomwecho, imene inasiya kuyaka chaka chatha pa vuto lina losiyana. Kumasula masikuluu anayi ndi kusinthanitsa timabokosi tiwiriti kukanadzutsa imodzi mwa ziwirizo tsiku lomwelo. M'malo mwake zonse ziwiri zimanyamulidwa kupita kuchipinda chosungiramo katundu, kumene zimasanjikizidwa pamwamba pa madesiki othyoka, chitseko n'kutsekedwa ndi loko.

Zipinda zotere zilipo m'masukulu a sekondale, m'maofesi a boma ndi a mipingo m'dziko lonse lino, ndipo Phalombe sangakhale wosiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Phalombe sipeya ili kutali. Mphunzitsi wa ku Chiringa kapena mnyamata wotaipa makalata ndi kupirinta pa Migowi akafuna RAM imodzi, kawirikawiri amayenera kukwera minibasi mpaka ku Limbe kapena ku Blantyre, ulendo wodya tsiku lathunthu, ndipo thiransipoti yake ikhoza kuposa mtengo wa kanthu kamene wapitira. Akalakwitsa mtundu, ulendo ubwerezedwe. N'chifukwa chake boma la anthu oposa 400,000 limeneli, malinga ndi kalembera wa 2018, likufunika nkhokwe yakeyake ya masipeya a makompyuta: yosanjidwa, yolembedwa m'buku, yokhala ndi munthu woiyang'anira. Katundu woyambira alipo kale. Ali m'zipinda zokhoma zija, akudyedwa ndi dzimbiri.

Luso losunga masipeya otere lilipo, ndipo amene alifikitsa patali ndi anthu amene amachita zimenezi pongosangalala. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli magulu a anthu okonda makompyuta akale, monga Commodore 64 ya mu 1982, IBM PC ya mu 1981, BBC Micro ndi Amiga. Mafakitale anasiya kalekale kupanga zipangizo zambiri za makinawa, choncho cholowa m'malo mwa chimene chawonongeka kawirikawiri chimayenera kuchokera m'makina ena akufa. Ku Bletchley Park ku England, anthu ongodzipereka a ku National Museum of Computing anadzutsa mu 2012 kompyuta yotchedwa Harwell Dekatron, imene inayamba kugwira ntchito mu 1951 ndipo imalemera matani awiri ndi theka. Zinatheka chifukwa chakuti makinawo ndi zipangizo zake sizinatayidwe pa zaka zonse zimene zinali m'nyumba yosungira katundu. Ngakhale bungwe lalikulu ngati NASA linapezeka mu 2002 likusakasaka pa eBay tizipangizo ta Intel 8086, ta m'zaka za m'ma 1970, toti likonzere makina oyezera zombo zake zopita mumlengalenga.

Kwa mzungu wa ku Manchester, kompyuta yakale ndi chosewera nacho Loweruka masana. Ikapanda kuyaka, palibe chimene wataya kupatula nthawi. Kwa wophunzira wa Fomu 4 ku Phalombe amene akukonzekera mayeso a Computer Studies a MANEB, Dell kapena HP ya mu 2011 ndiyo kompyuta yokhayo imene angaikhudze asanalowe m'chipinda cha mayeso. Zimakhala zomvetsa chisoni kuti wosewerayo ndi amene ali ndi mashelefu olembedwa bwino, pamene amene tsogolo lake lili pa makinawo ali ndi mulu wa zitsulo pakona.

Ndipo makina akale sachoka msanga m'dziko muno. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse cha kompyuta chimagulidwa kunja ndi madola amene akusowa. Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, obwera kudzera m'mabungwe monga Turing Trust ya ku Scotland ndi IT Schools Africa ya ku England, amene amatolera makina opuma ntchito m'maofesi a kwawoko, kuwakonza ndi kuwatumiza kuno. Kuwonjezera apo, pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020 ndi Windows XP mu Epulo 2014. Windows 11 imakana makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018. Maofesi a kumaiko olemera akuchotsa makompyuta abwinobwino miyandamiyanda, ndipo ena mwa iwo athera kuno, m'makontena a mphatso ndi m'mashopu a ku Limbe. Adzafika ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, ndipo adzafuna masipeya.

Wina asanene kuti makina otayidwa sangagwire ntchito yeniyeni. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a bungwe la Baobab Health anaika pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central, timakompyuta totchedwa I-Opener. Timakinati tinapangidwa ndi kampani ya ku America ya Netpliance kuti anthu azitsegulira intaneti kunyumba, koma malondawo analephera ndipo tinayamba kugulitsidwa motchipa ngati zotsala. A Baobab anatigula, n'kutisintha kuti tizigwira ntchito pongokhudza sikirini ndi chala, ndipo tinayamba kulemba odwala. Njira imeneyo inakula mpaka kufika m'zipatala zopereka mankhwala a ma ARV, kuphatikizapo Queen Elizabeth Central ku Blantyre mu 2006. Chimodzi mwa zimene zinathandiza n'chakuti makinawo anali a mtundu umodzi, kotero amisiri ankadziwa mkati mwake ndipo kena kakafa kankatha kupereka ziwalo kwa tinzake.

Tsono nkhokwe ya masipeya imasiyana bwanji ndi mulu wa zinyalala? Imasiyana pa kulemba. Anthu osunga makompyuta akale amanena mobwerezabwereza kuti chipangizo chimene sichinayesedwe ndiponso sichinalembedwe n'chimodzimodzi kusakhala nacho, chifukwa tsiku lochifuna munthu sachipeza, ndipo akachipeza sachikhulupirira. Zifukwa zake zimaoneka munthu akangoyang'ana RAM.

Timapulanga ta RAM timafanana kwambiri m'maso. Ya DDR2, imene inafala chapakati pa zaka za m'ma 2000, ndi ya DDR3, imene inatuluka mu 2007, zonse zili ndi timano 240 pa makompyuta a patebulo ndipo kutalika kwake n'kumodzi. Chimene chimasiyana ndi pamene pali kampata pakati pa timanoto. Munthu wosadziwa amakankha ndi mphamvu, n'kuthyola polowetsera pa motherboard, vuto la ndalama zochepa n'kusanduka imfa ya kompyuta yonse. DDR4, ya kuyambira 2014, ili ndi timano 288. Ya m'malaputopu ndi yaifupi, ndipo nayo ili m'mibadwo yakeyake: timano 200, 204 ndi 260. Msampha woipitsitsa uli pa DDR3 ndi DDR3L, zimene zimalowa pamalo amodzi popanda vuto, koma ina imafuna mavoti 1.5 pamene inayo 1.35, ndipo malaputopu ena amangoyaka ndi yachiwiriyo. Mnyamata angakhale tsiku lonse akuganiza kuti laputopu ndi yakufa, chikhalirecho waikamo RAM yamoyo koma ya mtundu wolakwika. Envelopu imodzi yolembedwa kunja mtundu, kukula kwake, tsiku limene inayesedwa ndi makina amene inachokera imathetsa zonsezi. Envelopu ya pepala ndi yabwino kuposa jumbo, chifukwa pulasitiki wamba amasunga timagetsi tija timathetheka munthu akavula juzi usiku m'miyezi youma, ndipo timagetsi timeneto timapha RAM mwakachetechete.

Machaja a malaputopu ndiwo amasokoneza anthu kuposa china chilichonse. Ambiri a Dell amatulutsa mavoti 19.5, a Lenovo 20, a HP ena 18.5 ena 19.5. Mitu ya machaja ena a Dell ndi HP ndi yofanana kukula moti imalowa paliponse, koma laputopu ya Dell imafufuza kudzera pa kawaya kapakati ngati chaja ndi yakwawo. Ikapeza kuti ndi yachilendo, ikhoza kuyaka koma osatchaja batire, n'kumayendanso pang'onopang'ono. Eni ake amathamangira kukagula batire latsopano pamene vuto ndi chaja. Katoni yodzaza machaja opiringizana ndi yopanda phindu. Chaja iliyonse ikulungidwe payokha, imangidwe ndi mphira, ipachikidwe kapepala konena mavoti, maampu ndi makina amene imagwirizana nawo.

Pali kanthu kena kotchipa kwambiri kamene kagonetsa makompyuta ochuluka: kabatire kozungulira ka CR2032, ka mavoti atatu, kamene kamasunga nthawi ndi deti pa motherboard. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ili m'chaka cholakwika, imaima n'kumapempha kuti munthu adine F1, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka chifukwa deti silikugwirizana. Kabatire komweko kamapezeka m'masikelo ena ndi m'marimoti a galimoto. Iko sikofunika kuchotsa m'makina akufa, n'kofunika kugula katsopano ndi kukhala nato tingapo m'kabati. Koma pa makina akale kwambiri, a m'nthawi ya mapurosesa a 386 ndi 486, batire linali looneka ngati kambiya kowotcheredwa pa bodi, ndipo likakalamba limatuluka madzi odya njira za mkuwa. Osunga makina akale akangolandira kompyuta yotere, ntchito yoyamba ndi kulidula batirelo asanachite china chilichonse. Phunziro lake likhudza makina onse: kompyuta yosiyidwa yathunthu m'chipinda imapitiriza kuwonongeka ngakhale palibe woigwira.

Makapasita nawo ali ndi mbiri yawo. Pakati pa 1999 ndi 2007 mafakitale ena anatulutsa makapasita osalimba amene ankafufuma pamwamba ndi kutuluka zinthu zofiirira. Makompyuta a Dell OptiPlex GX270 ndi GX280 anatchuka ndi vutoli, moti mu 2005 kampaniyo inapatula ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni zokonzera. Makina a mitundu imeneyi anali odzaza m'maofesi a ku Ulaya ndi ku America, ndipo atapuma ntchito ena anatumizidwa ku Africa ngati mphatso. Amene anawalandira n'kuona akuzima okha sanalakwe kanthu, anabwera ndi matenda awo. Mmisiri wodziwa kuwotcherera, ngati aja okonza mawailesi ndi mafoni m'misika, angathe kuchotsa makapasita ofufumawo n'kuikapo ena.

Pa hard disk mawu ndi ochepa. Za nthambo yotambalala ya IDE, ya timano 40, nthawi yake inatha, ndipo kusunga imodzi kapena ziwiri n'kokwanira, mwina tsiku lina padzafunika kuwerenga zolemba zakale. Za SATA n'zimene zikugwira ntchito, ndipo polowera pake ndi pomwenso pamalowa SSD, imene imasandutsa kompyuta ya mu 2012 kukhala yachangu modabwitsa. Ikaikidwanso Linux Mint kapena Lubuntu, zimene ndi zaulere ndipo zikusamalidwabe, nkhani ya kutha kwa Windows 10 imachepa mphamvu.

Kusanja kwake sikufuna ndalama zambiri. Pamafunika magulu atatu osasakanikirana: zoyesedwa n'kupezeka zamoyo, zosayesedwa, ndi zakufa. Pamafunika kompyuta imodzi yamoyo ya mbadwo uliwonse yoti izikhala yoyesera. Pamafunika mabotolo otsukidwa osungiramo masikuluu, ndowa za pulasitiki zokhala ndi zivundikiro, timapaketi ta silika tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, ndi kope lachikuto cholimba. Kope, osati fayilo ya pakompyuta yokha. Anthu sanaiwale mmene magetsi ankazimira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kaundula amene sangawerengedwe magetsi akazima sathandiza pa tsiku limene afunika.

Nyengo ya Phalombe nayo ili ndi zofuna zake. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala fumbi la m'chigwa limalowa paliponse, n'kutseka mafani mpaka purosesa kutentha. Dzinja likafika, chinyontho cha m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi chimadyetsa dzimbiri timano ta zipangizo. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati mwa power supply, makoswe amatafuna nthambo ndi kukodzera pa bodi, chiswe chimadya katoni kuyambira pansi. Ndiye pali madzi. Boma limene linaona Napolo mu Malichi 1991, n'kudzaonanso namondwe Freddy mu Malichi 2023 akukokolola midzi ndi nyumba za boma kudera la Nkhulambe, silifunika kuuzidwa kuti katundu wosafuna madzi sakhala pansi. Shelefu yapamwamba, ndowa yotseka, chipinda chosadontha ndiponso chotalikirana ndi khwawa. Mabatire a malaputopu, makamaka ofufuma, asungidwe kwaokha m'chitini chachitsulo kutali ndi mapepala, chifukwa amatha kuyaka moto.

Ngati zili zophweka chotere, n'chifukwa chiyani sizichitika? Chopinga chachikulu ndi mantha, ndipo ndi mantha omveka. Kompyuta ya pasukulu ya boma ndi katundu wa boma. Ili ndi nambala m'buku la katundu, ndipo kuitaya kapena kuigulitsa kuli ndi ndondomeko yake pansi pa malamulo amene bungwe la PPDA limayang'anira. Mphunzitsi wamkulu amadziwa kuti maodita akabwera adzawerenga mabokosi. Akapeza makumi awiri monga mwalembedwera, nkhani yatha, kaya akuyaka kaya sakuyaka. Koma akapeza limodzi lotsegulidwa, mkati mulibe RAM, pamakhala mafunso amene angafike poipitsa mbiri ya munthu. Choncho njira yodzitetezera ndi kusakhudza kalikonse. Dongosolo lotere limateteza chiwerengero cha mabokosi, ana n'kumaphunzira kompyuta pa bolodi ndi choko.

Nkhawa ya kuba ndi yeniyeni, poti RAM imalowa m'thumba la malaya osaoneka. Koma chipinda chokhoma chimene palibe akudziwa zimene zili m'kati mwa makina ake ndicho chosavuta kubamo, chifukwa wakuba amachotsa zamkati n'kusiya bokosi lili chilili, ndipo zimadziwika patapita zaka. Kaundula wa ziwalo amatseka mpata umenewo. Fomu ya tsamba limodzi ndi yokwanira: chipangizo chakuti chachotsedwa m'kompyuta nambala yakuti, tsiku lakuti, chaikidwa m'kompyuta nambala yakuti ya pasukulu yakuti, asayina mphunzitsi wamkulu, mmisiri ndi wapampando wa komiti ya sukulu. Odita wanzeru angakondwe ndi pepala lotere kuposa mulu wa mabokosi a dzimbiri. Chimene chikusowa ndi chilolezo cholembedwa chochokera kwa akuluakulu, choti aphunzitsi azichita zimenezi mtima uli m'malo.

Dziko lino linathetsapo kale vuto lofanana ndi limeneli, pa nkhani ya madzi. Kale mijigo inali ya mitundumitundu, wopereka aliyense ndi mtundu wake, ndipo ukawonongeka mudzi unkadikira amisiri a boma kwa miyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuno ku Malawi kunayesedwa mjigo wotchedwa Maldev, umene pambuyo pake unakonzedwanso n'kukhala Afridev, ndipo boma linausankha kuti ukhale mtundu wokhazikika m'dziko muno. Zotsatira zake aliyense wa kumudzi amazidziwa. Timphira ndi mabushi a mjigo wa ku Mpasa ndi omwewo a mjigo wa ku Chitekesa, amapezeka m'mashopu, komiti ya mjigo imasonkha ndalama zogulira, ndipo pali amakaniko a m'dera ophunzitsidwa kukonza. Mijigo imawonongekabe, inde, koma pali njira yodziwika yoidzutsira. Makompyuta a m'masukulu akadali pamene mijigo inali zaka 40 zapitazo.

Apa opereka mphatso ayenera kuuzidwa zoona, mwaulemu koma mosabisa. Makompyuta 20 a mitundu isanu ndi iwiri ndi katundu wolemetsa wolandira. Makompyuta 20 a mtundu umodzi, ndi ena atatu apadera oti adzaphwasulidwe, pamodzi ndi katoni ya makiyibodi, mamawusi ndi nthambo, ndiyo mphatso imene ingakhale zaka zisanu. Tsoka lake n'lakuti pa mwambo wopereka, pamene pali riboni ndi ojambula zithunzi, chimene chimaoneka bwino ndi mzere wa masikirini oyaka. Palibe nduna kapena phungu amene anajambulitsapo atanyamula envelopu ya RAM. Ofesi ya maphunziro ya boma ili ndi ufulu wofunsa wopereka aliyense mafunso awiri asanatsitse katundu: ndi mtundu wanji, ndipo masipeya ake ali kuti? Mafunso omwewa ayenera kufunsidwanso pa zipinda za makompyuta zimene MACRA ikumanga m'masukulu, ndi pa matabuleti a pulogalamu ya BEFIT amene akugawidwa m'masukulu a pulayimale kuyambira 2023. Lero ndi zatsopano, koma machaja, mabatire ndi masikirini ake adzayamba kufa pa nthawi imodzi.

Pali ena amene angatsutse kuti maganizo onsewa akungolimbikitsa Amalawi kukhala dzala la maiko olemera. Mfundo yawo ili ndi mutu. Lipoti la mabungwe a United Nations la 2024 linati m'chaka cha 2022 dziko lapansi linatulutsa zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndi zimene zinalembedwa kuti zinatoleredwa ndi kukonzedwanso moyenera. Pangano la Basel la 1989 ndi la Bamako la 1991 anapangidwa pofuna kuletsa kutayira zinthu zapoizoni kumaiko osauka, ndipo mawu akuti mphatso agwiritsidwapo ntchito kuzembetsa zinyalala. Nkhokwe ya masipeya isakhale chifukwa cholandirira chilichonse.

Ndipotu kusunga bwino kumafuna kulimba mtima potaya. Masikirini akale a chimimba aja ali ndi mtovu wambiri m'galasi lake, amadya magetsi kuposa opyapyala, ndipo amasunga mphamvu yoopsa m'kati ngakhale atazimitsidwa. Mwana wa sukulu asawatsegule, ndipo pasukulu yodalira sola alibe ntchito. Makina a Pentium 4 ndi akale kuposa apo sangathandizenso wophunzira wa lero. Chofunika kusunga mwakhama ndi cha m'badwo wa DDR3 kupita mtsogolo. Zotsalazo zipatulidwe, zilembedwe kuti ndi zakufa, ziyembekezere njira yozichotsera imene bungwe loona zachilengedwe la MEPA lingavomereze. Chimene sichiyenera kuchitika ndi chija chimaoneka kumbuyo kwa misika, anyamata akuwotcha nthambo kuti atulutse mkuwa wokagulitsa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha, utsi wakuda uli m'mapapo mwawo. Wogula pa kilo salipira kanthu pa RAM yamoyo, amangoona kulemera kwa bokosi. Sukulu imene yagulitsa makina ake motero yataya zinthu zamtengo pa ndalama ya sopo.

Hard disk ili ndi chenjezo lakelake. Ya m'kompyuta ya kuchipatala ingakhale ndi maina a odwala ndi matenda awo, ya pasukulu ili ndi zotsatira za mayeso, ya ku ofesi ili ndi malipiro a anthu. Malawi tsopano ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024. Kudina Delete kapena kuchita format yachangu sikufafaniza zinthuzo kotheratu. Disiki isanalowe m'nkhokwe ifufutidwe ndi pulogalamu yolemba pamwamba pa zonse, ndipo imene yakana kufufutika ibooledwe.

Pa makina akale kwambiri aja, ochepa asiyidwe athunthu chifukwa cha mbiri. Kunyumba ya zinthu zakale ya Chichiri ku Blantyre ana amakaona injini za sitima zakale zitaimikidwa panja. Kompyuta yoyamba imene inalowa mu ofesi ya DC wa Phalombe, boma limeneli litangopatulidwa ku Mulanje mu 1998, nayonso ndi mbiri ya dziko, pamodzi ndi madisiketi ake amene kampani ya Sony inasiya kupanga mu 2011. Imodzi kapena ziwiri n'zokwanira.

Nanga nkhokweyo ikhale kuti, ndipo aiyang'anire ndani? Sukulu iliyonse payokha ili ndi makina ochepa moti mwayi wopeza chipangizo chogwirizana ndi wochepa. Zikaphatikizidwa za boma lonse, mwayiwo umakula kwambiri. Phalombe ali ndi malo amene angasunge katundu wotere ndi kupindula naye: koleji ya ntchito zamanja ya Naminjiwa, koleji yophunzitsa aphunzitsi, kapena sekondale imodzi yokhala ndi magetsi ndi chipinda chouma. Achinyamata ophunzira zamagetsi ndi zamakompyuta amafunika makina oti azimasula popanda kuopa kuwononga, ndipo palibe chophunzitsira choposa kompyuta yakufa. Mmisiri mmodzi wolipidwa, njinga yamoto, ndi nambala ya foni yodziwika kwa aphunzitsi onse a Computer Studies zingachite zambiri kuposa kontena ina ya mphatso. Amisiri a m'misika ya Migowi ndi Chiringa asasiyidwe kunja. Iwo ndi amene ali kale ndi zida zowotcherera, ndipo angathe kupatsidwa ntchito ya makapasita ndi machaja pa mtengo wogwirizana.

Khonsolo ya Phalombe ndi ofesi ya maphunziro angayambe popanda kudikira bajeti kapena wopereka thandizo. Alembe kalata imodzi yopita kwa aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a maofesi onse, yowapempha kuti atsegule zipinda zija, awerenge makompyuta amene sakuyaka, alembe mtundu ndi nambala ya iliyonse, ndipo aichotse pansi n'kuiika pamwamba mvula isanayambe. M'kalata yomweyo mukhale chilolezo chomasula makina akufa pamaso pa mboni ndi kulemba chilichonse chochotsedwa.